Bokosi limene linatsala ndi nkhope ya mayi

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene malume amene ankandilera ku Domasi anamwalira. Pobwera ku Joni anabweretsa makompyuta awiri akale. Ina inali ndi sikirini, inkakhala pabalaza. Inayo inali bokosi chabe, long'ung'udza kuchipinda, ndipo ankalumikizana ndi chingwe chotuwa chodutsa pansi pa chitseko.

"Bokosilo ndi nkhokwe, yapabalazayi ndi khomo lake," ankatero malume.

M'nkhokwemo munali chithunzi cha malemu mayi anga. Chapepala chinadyedwa ndi chiswe, ndiye Lamulungu tikaweruka kutchalitchi malume ankandiitanira nkhope yawo pasikirini.

Maliro atatha, abale anagawana katundu kuti aliyense apite ndi kachikumbutso. Amayi aakulu a ku Naisi anatenga yasikirini ija, ati ndi wailesi yakanema. Chingwe anamangira matiresi panjinga. Bokosi, poti panalibe wolifuna, anandisiyira ine.

"Zimenezitu sizisiyana," ndinatero.

"Iwe, mwana salankhula pa katundu wa maliro," anandidula amayi aakuluwo.

Mpunga utakololedwa ndinasenza bokosi lija mpaka ku Naisi, khosi lili gwa. Chingwe tinachipeza ayanikapo zovala. A Mbewe, aphunzitsi oyandikana nawo amene ankadziwako makompyuta, anachikonza kumapeto n'kulumikiza. Bokosi linang'ung'udza ngati kale, kanyali kobiriwira kanayaka. Koma yasikirini inangolemba kuti inzake siikuipeza.

"Malume ako analipatsa bokosili nambala yoliitanira, koma ana agwiragwira yasikiriniyi, nambalayo yafufutika," anatero a Mbewe. "Ukuidziwa?"

Sindinkaidziwa. Analumikiza sikirini kubokosi kwenikweniko, nalo linafunsa mawu achinsinsi. Tinayesa dzina langa, la mayi, la mudzi wathu, osatheka. Masiku onse aja ine ndinkangoyang'ana nkhope, zala za malume sindinaziyang'anepo n'kamodzi komwe.

Ndinalira, ndinene zoona. Mayi anali pomwepo, m'bokosi lofunda limene ndinaligwira ndi manja awiri, koma khomo panalibe. Ndinabwerera nalo kunyumba, ndipo dzinja lotsatira denga litadontha bokosilo linachita dzimbiri.

Abale aja sindiwakwiyiranso, anagawa monga ankagawira makasu ndi mipando. Chimene ndinaphunzira n'chakuti ukasungira munthu kanthu, umusonyezenso njira yokafikira, ndiye ana anga ndimawakakamiza kutsegula okha zimene ndawasungira ine ndili chiimire. Nkhope ya mayi inandithawa pang'onopang'ono. Ndikatsinzina kuti ndiwaone, chimabwera ndi kanyali kobiriwira kaja.