Yankho la Padenga

Pa Thuchila palibe amene sawadziwa a Armando okhoma zidebe, pakuti phokoso lawo limafika iwo asanaoneke. Kho! Kho! Kho! kuyambira m'mawa, mpaka amayi ogulitsa nandolo pafupi nawo anazolowera kutsatsa malonda ndi manja.

Anabwera kuno ali mnyamata, kuthawa nkhondo ku Mozambique. Mbuzi zinatsala, nyumba inapsa, sukulu inathera m'kalasi yachinayi. Chimene anawoloka nacho malire n'chimodzi chokha: masamu ogawa, amene mphunzitsi wawo anawakhomerera ndi ndodo. "Asilikali anatenga zonse," amatero, "koma awa sanawaone." Chingerezi sachidziwa, Chichewa chawo chimapendekera ku Chilomwe, koma kugawa? Musayambe dala.

Ndiye tsiku limene Emelda, mwana wawo mmodzi yekhayo, wobadwa iwo imvi zitayamba, anabwera ndi homuweki yogawa, bambo aja anaponya hamala uko. Anatola chidutswa cha lata ndi msomali.

"Ona kuno, mwana wanga. Nambala yaikulu kumanzere. Yogawira kumanja, m'kakona kake. Yankho pansi pake. Basi, yatha!"

Umu ndi m'mene amagawira kwawo. Emelda anakopera, ndipo a Armando tsiku limenelo anayenda chifuwa chili patsogolo.

Mawa lake mwana anabwera atatupa kukamwa, kope lili psuu ndi inki yofiira.

"A Madamu akuti mayankho ali bwino koma njira ndi yakutchire. Kalasi yonse yandiseka, ababa."

Madzulo ananyamula kope lake, n'kuwadutsa bambo ake, ulendo kwa a Hudson oyandikana nawo nyumba. A Hudson! Munthu wolekezera Fomu 2, woyenda ndi zolembera zitatu m'thumba koma cholemba chimodzi! A Armando zinawapweteka, osati pang'ono. Munda alibe woti adzamusiyire mwanayo, ng'ombe alibe. Anali ndi masamu okhawo, ndipo mwana ankawakana.

Kutacha anapita kusukulu, lata lija lili m'khwapa.

"Madamu, ndabwera mundionetse njira ya m'tauniyo."

Mphunzitsiyo, mayi wofatsa, anajambula pabolodi kanyumba. Nambala yaikulu anailowetsa m'kati, yogawira anaisiya panja, yankho n'kulilemba pamwamba.

"Epa!" anakuwa a Armando. "Yankho likutani padenga? Ndi makaka kuti muliyanike?"

Ana amene ankasuzumira pawindo anagwa nako kuseka. A Madamu nawonso anaseka, koma kenako anatsitsa mawu.

"Njira yanu ndi yabwino, bambo. Koma odzachonga mayeso a Sitandade 8 sakudziwani. Akadzaona zachilendo angathe kudula, ndipo wolira adzakhala Emelda."

Apo a Armando anabwezera lata lija m'khwapa. Mkangano anabwera nawo, koma sanabwere kudzagwetsa mwana wawo.

"Ndiye ndiphunzitseni yanuyo," anatero.

Abale inu, zinali zomvetsa chisoni. Dzanja lozolowera kumanja linkathawira kumanja komweko. Nambala yoyenera kutsika inakwera, ya panja inalowa m'nyumba popanda odi. Atagawa mbuzi makumi anayi kwa anthu asanu, aliyense analandira mbuzi mazana awiri.

"Mukanakhala a boma, tikanalemera," anatero a Madamu akupukuta misozi.

A Armando anabwerera kumsika mwakachetechete. Lata la masamu lija analidula mozungulira n'kulikhoma kunsi kwa chidebe, ndipo mayi wina anachigula osadziwa kuti akusenza chuma chonse cha munthu. Madzulo anamuitana Emelda.

"Uzipita kwa a Hudson. Za ine zinatha ndi nkhondo."

Masiku otsatira hamala inkalira mofooka, mpaka ogulitsa nandolo anayamba kumvana, n'kukangana pa nkhani zimene zinagona zaka.

Loweruka lina a Armando anazungulira kuseri kwa shedi yawo kukatenga makala a mbaula yowotchera zidebe. Anapeza Emelda atanjuta, kope lili pabondo, kamtengo kali m'manja. Pansi ponse panali manambala: yaikulu kumanzere, yogawira m'kakona, yankho pansi pake. Mpaka pa njira yopita kuchimbudzi.

"Iwe! Ukufuna akuseke kachiwiri?"

"Ayi, ababa. Taonani." Anatambasula kope. Tinyumba tokhatokha, tonse tochongedwa bwino.

"A Hudson akuphunzitsa ndithu," anatero bambowo.

"A Hudson? Iwo aja amasokonezeka zikafika zotsala, amati mutu ukuwapweteka." Emelda analoza pansi ndi kamtengo kaja. "Yankho ndimalipeza kwa inu kuno. Kwa a Madamu ndimangokaliyanika padenga."

A Armando anapukuta m'maso. Anati utsi wa mbaula wawalowa m'maso, chonsecho moto anali asanakoleze. Anabwerera pa mpando wawo, ndipo kufikira dzuwa kulowa, ogulitsa nandolo anatsatsanso malonda ndi manja.