Bulauzi Patebulo la Adokotala

Amayi otipeza ndi telala. Amasokera pakhonde la sitolo ya zitsulo, pakati pa bambo wokonza nsapato ndi mayi wogulitsa maloko, ndipo mumsewu wonsewo amangodziwika kuti Atelala. Mawu akuti "otipeza" ndawalemba dala. Ndikudziwa zimene anthu amaganiza akangowamva, ndipo ndine wokonzeka kutsutsana nawo, mmodzimmodzi kapena onse pamodzi.

Sukulu anailekezera m'makalasi apansi. Ali mtsikana analowa ntchito pafakitale ya mayunifolomu, kumene kwa zaka zambiri ankasoka makolala okhaokha, moti mpaka lero akakumana ndi munthu amayamba kuona kolala, nkhope pambuyo. Fakitale itatsekedwa anatsala ndi makina amodzi opalasa ndi phazi, omwe chivundikiro chake anachimanga ndi waya. Bambo athu anawadziwa atapititsa buluku long'ambika. Nthawiyo n'kuti bambo atafedwa mkazi, ali ndi ana awiri: ine, wolongolola kale, ndi mlongo wanga, amene anali akuphunzira kuyenda. Amayiwa sanaberekepo mwana wawowawo. Bambo atamwalira, abale ankayembekeza kuti anyamula makina awo n'kubwerera kwawo. Iwo anangotiyeza tonse awiri, n'kutisokera mayunifolomu a chaka chotsatira.

Ine ndinaphunzira zamalamulo, ndipo ndi amayi timatsutsana pa chilichonse, kuyambira pa ndale mpaka kutalika koyenera kwa buluku la mwamuna. Katsutsidwe kawo n'kopanda chilungamo. Amaluma mapini atatu, n'kumangoti "mm" mpaka iwe utatopa.

Mlongo wanga anadwala matenda a maganizo atangomaliza sekondale. Ankamva mawu a anthu omwe panalibe, ankaphimba kalirole ndi thaulo, ndipo wailesi ikalira ankati ikunena za iye. Kuchipatala anamupatsa mapiritsi, ndipo pang'onopang'ono anabwerera mwakale. Kenako anapeza ntchito yolandira alendo pahotela ina, yovala bulauzi yoyera ndi siketi yakuda. Amene sanaonepo mbale wake akumuopa ngati mlendo sangamvetse chimene kapiritsi kakang'ono kaja kanali m'nyumba mwathu. Ntchito, tulo, nthabwala zake zondinyoza, zonsezi zinkadalira kapiritsi kameneko, komwe amayi ankamuikira pambali pa kapu ya tiyi m'mawa uliwonse.

Ndiye nyengo yotentha itafika, mlongo wanga anayamba kuvala juzi.

Amayi anali ataona kale kanthu posita: madontho awiri achikasu pachifuwa pa bulauzi iliyonse, pamalo omwewomwewo. Ankadikira kuti mwiniwake ayambitse nkhaniyo. Koma azakhali, mlongo wawo wa malemu bambo, anabwera kudzacheza, ndipo iwowo sadikira munthu. Analowa kukhitchini mtsikanayo atangovula juzi.

"Alamu! Tabwerani kuno. Mwana uyu wanyowa pachifuwa. Uwu ndi mkaka uwu! Khanda lili kuti?"

"Khanda lake liti, alamu?" anafunsa amayi.

"Musandipusitse ine. Mawere satuluka mkaka chifukwa cha dzuwa. Iwe, unachotsa liti? Kumwezi unapita liti komaliza?"

Mlongo wanga anangowerama, chifukwa nakonso kusamba kunali kutasiya.

"Mwaona? Inu simunabereke, n'chifukwa chake akukunamizani dzuwa likuswa mtengo."

"Sindinabereke, inde," anatero amayi. "Koma ndinalera. Tiyi wanu akuzizira."

Apa ndi pamene ndinalowererapo. Ndinawafunsa azakhali umboni wawo, ndinawafunsa mboni, ndinawaonetsa kuti anayamba ndi chigamulo mlandu usanamvedwe.

"Iwe loya wa pakhonde," anatero, "za mawere ukuzidziwira kuti? Kapena nawenso uli nazo zotiuza?"

Ndinawayankha zimenezonso, mfundo ndi mfundo, mpaka ananyamula chikwama chawo n'kumapita asanatsanzike. Mkanganowo ndinapambana, ndipo sindipepesa. Koma vuto lenileni silinali azakhali.

Mlongo wanga anali atazindikira yekha kuti mkaka unayamba kuchipatala atamuwonjezera mlingo wa mankhwala. Sanauze munthu. Anangoyamba kutenga piritsi patebulo, kukweza kapu, n'kulilowetsa m'thumba la siketi. Amayi anatulukira zimenezi simbi itaphwanya mapiritsi angapo m'thumbamo. Sabata yomweyo thaulo linabwereranso pakalirole.

Amayi anamupeza kuchipinda atakhala pabedi, ine ndili pakhomo.

"Ufa uwu wa m'thumba ukufuna kuphikira ndani?"

"Amayi, ndatopa. Kuntchito ndimaima chopinda manja ngati wozizidwa. Mnzanga wa pakauntala wandifunsa kuti khanda ndimasiyira ndani. Bola misala. Misala anthu amaidziwa."

"Misala inenso ndimaidziwa, ndinagona nayo chipinda chimodzi. Bweretsa makamisolo ako onse."

Tsiku limenelo pakhonde sanapite. M'kati mwa kamisolo iliyonse anasokamo timatumba tiwiri. Kenako anadula tinsalu tozungulira ta thaulo lofewa, n'kutiika kumbuyo nsalu ya ambulera yakale kuti chinyezi chisadutse, ndipo m'mphepete anatipeputsa kuti tisaoneke pansi pa bulauzi. Toyamba tinatukumuka ngati zivundikiro za mphika, moti mlongo wanga anaseka, koyamba m'masabata ambiri. Anatisula n'kuyambiranso. Tachitatu tinakhala bwino.

"Izi n'zobisira alendo a kuhotela," anatero amayi akuluma ulusi. "Si zobisira adokotala. Mawa tikupita."

Ndinadzipereka kuti ndikafotokoze ine, popeza pakamwa ndili napo. Mlongo wanga anandiyang'ana ngati ndamutukwana.

"Achimwene, inu mukafotokoze za mawere anga?"

"Iwe ukanyamule chikwama," anandiuza amayi, "ukakhale pabenchi."

Ndinakhaladi pabenchi, m'khonde lonunkha sopo wokolopera, pafupi ndi bambo wina amene ankawerenga zolemba zonse za pakhoma mokweza. Zimene zinachitika m'kati ndinazimva kwa onse awiri, aliyense payekha, ndipo pa mfundo zikuluzikulu mboni zikugwirizana.

Adokotala, mayi wa magalasi, anafunsa monga ankafunsira mwezi uliwonse: "Tili bwanji?" Mlongo wanga anayankha monga ankayankhira mwezi uliwonse: "Ndili bwino." Adokotala anali atagwira kale cholembera. Pamenepo amayi anatsegula pepala la pulasitiki, n'kutulutsa bulauzi yosachapa, n'kuiyala patebulo, n'kuisalaza ndi manja ngati akufuna kuidula.

"Uyu akuti ali bwino, adokotala. Taonani apa ndi apa. Ndipo mapiritsi anu wakhala akudyetsa siketi."

Mlongo wanga akuti analakalaka pansi patang'ambika. Amayi akuti adokotala anasiya cholembera n'kukokera mpando pafupi. Anafunsa ngati zikutuluka mbali zonse kapena imodzi, ngati muli magazi, ngati pali chotupa, ngati mutu ukupweteka kapena maso akuona mwachimbuuzi. Anamupima, n'kumutumiza kukayezetsa mkodzo ndi magazi. Mimba panalibe. Zotsatira za magazi zitabwera, adokotala anafotokoza kuti mankhwala ena, a maganizo ngakhalenso ena a m'mimba, amachulukitsa m'thupi timadzi timene timauza mawere kupanga mkaka, ndipo timadzi tomweto timatha kuimitsa kusamba. Zimachitikira ngakhale mtsikana amene sanakhalepo ndi mwamuna.

"Si iwe woyamba, mwanawe," anatero.

"Nanga bwanji simunandiuze?" anafunsa mlongo wanga.

"Tinayenera kukuuza. Pepa."

Yankho limeneli ndimalilemekeza, chifukwa m'ntchito yanga silimveka kawirikawiri. Komabe mfundo yanga sindiisiya: mtsikana amene walandira mankhwala otere ayenera kuuzidwa tsiku loyamba zimene zingamuchitikire, momveka, asanadzipeze yekha m'bafa la kuntchito akuchapa bulauzi ndi misozi. Munthu wamanyazi sadzayambitsa yekha nkhani ya mawere ake pamaso pa munthu wovala gauni yoyera. Ofunsa ayenera kufunsa mwachindunji. Amene akutsutsa zimenezi abwere tikambirane.

Adokotala anachenjeza kuti kusiya mankhwala mwadzidzidzi ndiko kunali koopsa kuposa mkakawo, ndipo anakonza zomusinthira ena pang'onopang'ono. Kusinthako sikunali kophweka. Mlongo wanga anatenga tchuthi kuntchito. Ankachita chizungulire, ndipo masiku ena mawu aja ankabwerera chapatali. Amayi anasamutsa makina kuchoka pakhonde la sitolo n'kuwaika pabalaza, makasitomala ena n'kuwathawa. Ankapalasa tsiku lonse chitseko cha kuchipinda chili chotsegula, kuti wodwala akamva mawu achilendo azimvanso kulira kwa makina. Akaona kuti wayamba kuyang'ana khoma ankamuitana.

"Iwe, tabwera undilowetsere ulusi. Maso anga atha."

Maso awo sanathe. Nkhaniyi ndinawatsutsa nayo, iwo n'kuluma mapini.

Mkaka unachepa, kenako unauma. Kusamba kunabwerera. Azakhali sanapepese, ndipo sindikuyembekeza kuti adzapepesa. Anangobwera tsiku lina ndi diresi loti alikulitse m'chiuno, amayi n'kuwayeza mwaulemu wonse, n'kunena muyezo wake mokweza pang'ono kuposa mmene zinafunikira.

Sindine munthu woyamikira msanga, ndipo anzanga angachitire umboni. Koma ndikaganiza kuti tikanamutayanso mlongo wanga chifukwa cha madontho awiri pansalu, ndimasowa chotsutsa. Mayi amene sanamubereke anaona manyazi ake, n'kuyamba wawaphimba kuti mwanayo athe kuimirira pagulu, kenako n'kukawavundukula pamalo amodzi okha pamene anayenera kuonekera. Zikomo, amayi.

Mlongo wanga anabwerera kuhotela, ndipo piritsi amadzitengera yekha m'kabati. Ulendo wapitawu wa kuchipatala tinamuperekeza tonse awiri, koma pakhomo la adokotala anatembenuka.

"Amayi, khalani ndi achimwene. Ndilowa ndekha."

Anakhalitsa m'katimo, mpaka amayi anayamba kupotokola chogwirira cha chikwama chawo. Atatuluka tinaimirira tonse.

"Bwanji, wachedwa chonchi?" anafunsa amayi.

"Ndimawauza kuti mankhwala atsopanowa akundisowetsa mtendere m'miyendo, sinditha kukhazikika pampando. Akuti ndizimwabe, andipatsa ena othandizira, ndipo ndibwerenso msanga akandione."

"Wawauza wekha?"

"Zonse, amayi. Mpaka anatembenuza pepala."

Amayi anakhalanso pabenchi, n'kupuma mozama.