Pikapu Yopempha Giya

Lero makaniko atandifunsa kuti galimoto yanga inayamba liti kugogoda kunsi, ndinakumbukira pikapu ya amalume anga, a Saidi, yonunkha nsomba ndi dizilo.

Nayonso inkagogoda. Ikangoti go-go-go pansi pa mpando wanga, amalume ankasintha giya.

"Wamva, Asiyatu? Ikupempha giya folo. Galimoto yaulemu imachita kupempha."

Kusukulu ndinkanyada kuti yathu imayankhula.

Tsiku lina tikuchokera ku Nkhudzi titadzaza chambo chachiwisi, inapempha mokuwa, chitsulo chachitali chakunsi n'kugwera pamsewu. Nsomba zonse zinawola padzuwa.

"Bwanji sinanene?" anadandaula amalume.

Inakhala ikunena chaka chathunthu. Yanganso yakhala ikunena kuyambira mwezi wa Ramadani, koma makanikoyo ndamuuza kuti yayamba dzulo.