Kumanzere kwa Mlendo

Foni yanga ili ndi kampasi. Ndikaona kamuvi kake kakunjenjemera, ndimakumbukira mzungu amene tinamupeza m'munda mwathu mwa chinangwa ku Chintheche. Anali ataima pamtumbira, thukuta lili kamukamu, akuyang'ana kachitsulo kozungulira m'manja mwake. Chaka chimenecho anansi athu anali atalandidwa malo akugombe, ndipo pankamangidwa loji.

Bambo anandikankha paphewa. "Iwe umaphunzira Chingerezi. Mfunse akuyeza chiyani."

Mzunguyo anati wasokera, akufunafuna "north". Ananditembenuzira kunyanja kotulukira dzuwa, n'kundikweza mkono wamanzere. Ndinamasulira mwachibwibwi.

"Ndi kumpoto, ada. Akuti kalekale mawuwo ankatanthauza kumanzere, munthu akayang'ana kum'mawa."

Bambo anatsatira mkono wanga ndi maso. Unkaloza ndendende mtengo wa mango wa m'malire, pafupi ndi manda a agogo.

"Ndiye kumanzere kwakeko kwakathera pamanda athu?"

Mzunguyo anamwetulira, n'kuwapatsira kachitsuloko kuti aone okha. Bambo anabisa manja kumbuyo.

"Muuze kuti msewu uli uko," anatero motsitsa mawu. "Ndipo iwe tsitsa mkonowo."