Phazi la Mkamwini Wanga

Munali mu 2019, ndili ndi zaka 71. Mwana wanga wamkazi anabwera kuno ku Chinyunyu ndi mwamuna wake wa ku Lusaka. Munthuyo amathamanga m'mapiri popanda chomuthamangitsa. Anati akukonzekera mpikisano wa mwezi wotsatira, ndipo tinjira tathu tamiyala timalimbitsa miyendo kuposa phula la m'tauni.

Za mpikisanozo sindinafunse. Chinandiwawa n'chakuti tsiku loyamba anadutsana ndi mkazi wanga panjira ya kudimba, kabudula wolekeza m'ntchafu, n'kungowakwezera dzanja ngati akuimitsa minibasi. Ndinamuitana. Ndinamuuza kuti pakhomo panga mkamwini akaona apongozi ake aakazi panjira amapatukira kutchire, n'kunjuta mpaka adutse. Anafunsa ngati zimatero ngakhale munthu ali paliwiro. Ndinati makamaka pamenepo.

Kumva amamva, zimenezo sindingamunamizire. M'mawa mwake akutsika chitunda, pokhota njira anangoona mkazi wanga ali pafupi, atasenza ndowa ya munkoyo, thobwa lokapatsa anthu olima. Analumphira kumanzere osayang'ana. Kumanzereko n'kumene anthu anakumba mbewa chilimwe chathacho. Phazi linalowa m'dzenje, thupi linapitirira.

Mkazi wanga anaponya ndowa n'kuthamangira komweko. Akuti anamupeza ali gone pa udzu, kakolo atayamba kale kutupa, koma nkhope atayang'anitsa kumbali, akuomba m'manja mwaulemu.

"Pitani amayi, ndili bwino."

"Ndipite kuti mwendo uli chonchi? Gwirani phewa langa, atate."

Anafika pakhomo atakolekana ngati anthu ochokera kumowa. Ine ndinali pansi pa mtengo wa mango, ndipo ndinayang'ana nkhuku.

Kuchipatala ku Mpanshya anati fupa silinathyoke koma mtsempha wang'ambika, zothamanga aiwale kaye kwa miyezi ingapo. Mwana wanga anasiya kundilankhula, madzi osamba ankangoika n'kuchoka. Mkazi wanga ndiye anayamba kumuthowa m'mawa uliwonse ndi madzi otentha, phazi la mkamwini lili pamiyendo pake, awiriwo akuseka nkhani zimene zinkatha ine ndikayandikira. Nditamukumbutsa za mwambo, anandiyankha kuti ngati mwambowo watupa ndikauthowe ndekha.

Ine sindinalakwe. Dzenje sindinakumbe ndine. Ndinati apatuke, sindinati auluke.

Anachira, ndipo amathamangabe. Akabwera masiku ano amakhala pamphasa imodzi ndi apongozi ake, kusenda mtedza, ndipo akakumana panjira amagundana zibakera mmene achitira a m'tauni.

Zimene zinatayika nazi: ndowa imodzi ya munkoyo, nsapato ya kumanzere imene tinachita kuidula ndi mpeni kuti phazi lituluke, chikhadabo cha chala chachikulu, mpikisano wake uja, ndi mwambo umodzi wa pakhomo panga.