Dzanja Langa Paphewa la Yusufu

Lamulungu lapitali ndinatsala pang'ono kulowa Chisilamu mwangozi. Chinandikokera kumeneko ndi mpunga wa nyama ya mbuzi, ndipo chinandipereka ndi dzanzi la m'mwendo.

Musathamangire kukauza bambo mfumu. Khalani pansi ndikufotokozereni ndekha, chifukwa nkhaniyi ikafika kutchalitchi kwathu ku Wusakile, kuno ku Kitwe, kudzera m'kamwa mwa amayi a kwaya, ikafika ine nditavala kale mkanjo ndi kumera ndevu.

Ndili ndi mnzanga dzina lake Yusufu. Tinakulira limodzi ku Chamboli, bambo anga akugwira ntchito pansi pa mgodi, bambo ake akusoka maovololo a anthu a pamgodi pakhonde la nyumba. Ife Akatolika ochokera ku Katete, iwo Ayao Achisilamu ochokera kutsidya kwa malire. Lero Yusufu ndi wowotcherera zitsulo, ndipo ngati geti la nyumba yanu mu Kitwe muno silinagwe, mwina analipanga ndi iye. Koma ali ndi luso lina limene bambo ake sanamuphunzitse. Yusufu amamwa, ndipo amene anamugwiritsa botolo loyamba ndi yemwe akukulemberaniyu.

Zaka zambirimbiri takhala tikugawana tebulo limodzi pa kabala ka pakona pafupi ndi siteshoni ya minibasi. Ine ndimamwa atatu n'kunyamuka, chifukwa mayi a kunyumba ali ndi mphuno yomva fungo munthu akadali pageti. Yusufu sadziwa kunyamuka. Miyezi itatu yapitayo mkazi wake Mariamu anatopa, anatenga ana awo awiri n'kubwerera kwa mchimwene wake ku Mushili, ku Ndola. Sanatukwane, sanaswe mbale. Anangonena kuti adzabwera tsiku limene mwamuna wake adzasiye mowa, osati tsiku limene adzanene kuti wasiya.

Ndiye sabata yatha Yusufu anandiuza kuti kwabwera shehe wachikulire kuchokera ku Malawi, ali pa kamzikiti kena ku Mushili komweko, ndipo iye akufuna akapereke baiya. Ndinamufunsa ngati chinthucho chimadyedwa. Anandifotokozera kuti baiya ndi pangano: umagwira dzanja la shehe, umalapa zoipa zako, umalonjeza pamaso pa Mulungu kuti wazisiya ndipo usunga mapemphero, kenako shehe uja amakhala wokutsogolera pa moyo wauzimu. Anati Asilamu ena, kuphatikizapo mlamu wake, amati zimenezi n'zosafunikira, munthu angathe kulapa yekha kwa Mulungu. Koma iye analapa yekha kokwanira, ndipo kulapa konseko kunkathera pa tebulo lathu lija.

Anandipempha kuti ndimuperekeze. Ndinayamba kudandaula za msana ndi za Misa ya m'mawa, mpaka anatchula kuti pamapeto pake pakhala mpunga wa mbuzi. Msana unachira pomwepo.

Tinafika cha m'ma fotini awazi, thu koloko masana. Chiyeso choyamba chinali pakhomo, pamene ndinauzidwa kuvula nsapato. Abale anga, tchalitchi chathu chili ndi ubwino umodzi umene sitiuyamikira: sichiona masokosi. Chala changa chachikulu chinalowa mumzikiti ine ndisanalowe.

Tinakhala pansi pa mkeka, Yusufu kutsogolo, ine kumbuyo kwake, kolona ali phee m'thumba. Shehe anali kamdala kakang'ono ka magalasi, kolankhula Chichewa cha kumudzi chija chimene ife a kuno tinachisungunula kalekale ndi Chibemba. Anafotokoza kuti mwambowu unayamba ndi Mneneri wawo, pamene omutsatira ankaika manja awo m'dzanja lake n'kulonjeza kuti sadzapembedza china koma Mulungu, sadzaba, sadzachita chigololo, sadzanamizira mnzawo, ndipo adzamumvera pa zabwino. Anati dzanja limene mugwire leroli ndi la munthu wodwala chimfine ngati inu, koma amene mukumulonjeza ndi Mulungu. Kenako ananena mawu amene ndikanakonda atawamva andale onse a m'dziko muno.

“Mundimvere pa zabwino zokha,” anatero. “Tsiku limene ndidzakutumeni kukaba mbuzi, pangano latha pomwepo. Mukandinenere kupolisi.”

Tsopano mvetserani bwino pamene ndinagwera m'mbuna. Anthu ofuna kupereka baiya anali ambiri, ndipo shehe ali ndi dzanja lamanja limodzi lokha. Ndiye mwambo wake ndi wakuti wakutsogolo amagwira dzanja la shehe, wotsatira amaika dzanja paphewa la wakutsogoloyo, winanso paphewa la ameneyo, mpaka kukhomo. Amayi anali kuseri kwa katani, atagwira nsonga ya nsalu yoyera yaitali imene nsonga inayo inali m'manja mwa shehe. Zonsezi ndinazidziwa pambuyo pake.

Pa nthawiyo ine ndinkangodziwa kuti mwendo wanga wamanzere wafa. Munthu wozolowera benchi, ola lathunthu pamkeka. Ndinati ndisunthe pang'ono magazi ayende, n'kutsamiza dzanja paphewa la Yusufu. Nthawi yomweyo dzanja lolemera la bambo wina linatera paphewa langa kuchokera kumbuyo. Ndinayang'ana uku ndi uku, mzikiti wonse walumikizana, ine pakati.

Shehe anayamba mawu a Chiarabu, anthu n'kumabwereza. Ndipo inu Akatolika anzanga mukudziwa matenda athu: anthu akayamba kuyankha pamodzi, milomo yathu imayamba kuyenda yokha. Ine ndinali kunong'ona pemphero la kolona, koma woonera patali akanalumbira kuti Chiarabu ndinachiyamwira.

M'mutu munadza zambiri. Ndinaganiza za nkhumba yowotcha ya pamsika. Ndinaganiza za mayi a kunyumba, amene ndi wapampando wa bungwe la amayi kutchalitchi. Ndinaganizanso za nkhani ina ija ya lumo la mdulidwe, imene pa msinkhu wanga uno sindingaipirire.

Kenako ndinamva phewa lili pansi pa dzanja langa likunjenjemera. Yusufu anali kulira. Munthu amene ndinamuona akupsa mkono ndi chitsulo chamoto osatulutsa msozi, anali kulira mwakachetechete uku akubwereza mawu aja mmodzimmodzi. Ndinachita manyazi, ndipo za nkhumba ndinaziiwala.

Mwambo utatha, mpunga usanabwere, ndinakwawira kwa shehe kukadzipereka ndekha. Ndinawauza kuti ndine Mkatolika, kuti ndinabwera ndi mnzanga, kuti dzanja lija linali la dzanzi. Ndinafunsa ngati pali fomu yotulukira. Mdalayo anaseka mpaka kuvula magalasi. Anandifunsa ngati mumtima mwanga ndinafuna kulonjeza kanthu. Nditati ayi, anati ndiye palibe chimene ndalonjeza, chifukwa pangano lopanda cholinga cha mumtima ndi kugwirana chanza chabe. Anati ndipite ndi kolona wanga mumtendere, koma ndisaiwale kudya kaye.

Ndinatuluka wopepuka ngati munthu amene dokotala wamuuza kuti ndi mphepo chabe ya m'mimba. Ndinadya mbale ziwiri.

Ndikuvala nsapato panja, ndinaona mapazi a mzimayi ataima patsogolo panga. Anali Mariamu. Anali kuseri kwa katani kuja nthawi yonseyi, ndipo anamva mwamuna wake akulonjeza. Anandipatsa moni waulemu, anafunsa za ana ndi za mayi awo. Ndinayamba kumuyamikira kuti zinthu tsopano zayenda, shehe wagwira ntchito, angoyamba kulongedza. Anandisiya ndimalize.

“Alamu,” anatero motsitsa mawu, “ba shehe abwelela kwao pa Mande. Imwe musala.” Kunena kuti shehe apita Lolemba, wotsala ndi mwamuna wake ndine.

Anatembenuka n'kupita. Mawu akewo ndinakwera nawo minibasi ulendo wonse wobwerera ku Kitwe.

Tsopano ndikufunseni, owerenga anga. Kodi ndi manja angati amene mwakwezapo chibadwire, ndipo ndi angati anali a dzanzi ngati langa?

Ife anthu a kuno kulonjeza timakutha. Pamgodi m'mawa uliwonse amuna amakweza dzanja kuti chitetezo choyamba, akangokhota pakona chipewa chachitsulo chili m'khwapa. Kuguwa timalonjeza pa mtendere ndi pa mavuto, mavuto akangogogoda timati sitinamve bwino funso chifukwa kwaya inali kusokosa. Pa ubatizo timanyamula mwana wa mnzathu n'kuvomera kuti tidzamulera m'chikhulupiriro. Ineyo ndinanyamulapo ana asanu ndi mmodzi, ndipo awiri mwa iwo ndikakumana nawo m'minibasi ndingawakanize mpando.

Nanga andale athu? Munthu amalumbira pamsonkhano kuti adzafera m'chipani ichi, misozi ili mbwee, chitenje cha chipani chili m'khosi. Mvula isanagwe kawiri mumuona kwina, akulumbiranso chimodzimodzi, misozi yomweyo, changosintha n'chitenje. Ndipo ife omutsatira sitinafunsepo kuti tikumumvera pa zabwino zokha kapena pa zonse. Akatituma kukaba mbuzi timangofunsa kuti yamtundu wanji.

Za ine ndi nyengo ya Lenti musafunse. Chaka chilichonse ndimalandira phulusa pamphumi n'kusiya mowa masiku makumi anayi, ndipo chaka chilichonse masiku makumi anayiwo amatha Lachisanu loyamba.

Makolo anati lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane. Ife tinamva mwambiwo n'kuphunzira phunziro lolakwika. M'malo moti tizisamala polonjeza, tinaphunzira kulonjeza mosadulitsa kanthu, ngakhale chikhadabo.

Chimene ndinaona ku Mushili n'chakuti anthu aja amadziwa kufooka kwa munthu. Akanatha kunena kuti aliyense alape yekha m'chipinda mwake, koma munthu ali yekha amadzikhululukira msanga. Ndiye amamugwiritsa dzanja la munthu wina, pamaso pa anthu, kuti tsiku lofooka akumbukire kuti pali maso amene anamuona. Sindikunena kuti ashehe onse ndi angelo. Alipo, monganso abusa ena, amene ukawapatsa dzanja amatenga ndi mkono womwe. Koma mwambo wouza munthu kuti mawu ako ali ndi mboni, umenewo ine Mkatolika wa sokosi yobooka ndinauchitira nsanje.

Lachinayi nditaweruka ndinapita pa kabala kathu ndekha, cha m'ma sikisitini awazi, dzuwa likadali kuswa mtengo. Ndinadziuza kuti ine sindinalonjeze kanthu, shehe mwiniwake anandimasula. Ndisanaitanitse n'komwe, mpando wa patsogolo panga unakokedwa. Yusufu, ovololo yake yakuda ndi utsi, maso ofiira. Anali atatha masiku anayi osalawa dontho. Anati waimbira foni Mariamu, ndipo wamuyankha kuti masiku anayi ngakhale nkhuku imatha kukhala pamazira.

Mayi wogulitsa pabalapo anatiponyera mawu m'Chibemba ali pakauntala pomwepo, dzanja lili kale pa chitseko cha firiji. “Yabili nga lyonse?” Awiri monga mwa nthawi zonse.

Yusufu anayang'ana ine.

“Boyi,” anatero, “imozi cabe. Ba shehe ali ku Malawi manje. Ndani azaziba?”

Ndikuuzeni zoona, ndinalifuna botolo lija. Ndinafunanso mnzanga wakale, woseka mokweza, wolipira raundi yachitatu. Zikanakhala zosavuta kugwedeza mutu, ndipo palibe buku la mpingo wanga kapena wake limene likanandilemba mlandu. Koma ndinakumbukira mmene phewa lija linkanjenjemera, ndi ana awiri amene akugona pabalaza pa amalume awo ku Mushili. Mumzikiti monse muja, munthu amene anamva kulira kwa Yusufu ndi dzanja lake anali mmodzi yekha.

“Nizaziba ine,” ndinatero.

Ndinaimirira, n'kuika dzanja paphewa lomwe lija, ulendo uno mwendo uli bwinobwino. Ndinamuuza mayi uja kuti atseke firiji. Tinatuluka, Yusufu akunditukwana m'zilankhulo zitatu, n'kukakhala pa benchi ya mayi wina wogulitsa tiyi ndi vitumbuwa pamsika. Tinamwa makapu awiriawiri. Tiyiyo anali woipa kwambiri.

Sindikudziwa ngati Mariamu adzabwera. Sindikudziwa ngati Yusufu afika Lamulungu likudzali. Chimene ndikudziwa n'chakuti tebulo la pakona lija tsopano ndi la anthu ena, chifukwa sindingakhalepo iye n'kumadutsa pamsewu akundiona. Mnzako akapsa ndevu m'zimire, anatero akale, koma sanatiuze chochita ngati machesi anali ako.

Mayi a kunyumba akudabwa kuti masiku ano ndikufika dzuwa lisanalowe, ndikununkha mafuta a vitumbuwa. Dzulo anandifunsa ngati ndikudwala. Ndinawauza kuti ndinapita ku mzikiti kukadya mpunga, ndipo ndinabwerako ndi pangano limene shehe mwiniwake anati sindinapange.

Nanga inu, dzanja lanu lili paphewa la yani? Ndipo mukumugwira kuti asagwe, kapena mwangomutsamira chifukwa mwendo wanu wachita dzanzi?