Ndani anakuuzani kuti ndine Alhaji?

Liwu limodzi landiwonongera umboni wa manda a makolo anga. Analilemba ndi mwini kaofesi ka makompyuta pa boma pano, komwe mumakataipitsa makalata. Anthu a Nkhotakota, imvani zonse.

Ine ndine Selemani wa ku Ngala. Azungu ena akufuna kumanga loji kwathu, ndipo mpanda wawo ukudutsa pakati pa manda athu, pomwe anagona agogo anga amene ankayendetsa chombo cha matanga. Chaka chatha wina anawatumizira kalata yabodza m'dzina langa, yoti ndavomera. Eni kampani yomanga lojiyo ali kunja kwa dziko lino. Anati ngati ndikukana, ndiike mawu anga pa intaneti m'njira yoti atsimikize kuti ndi angadi, asanakumane kumapeto kwa mwezi uno.

Mwana wanga Zainabu amagwira ntchito ya makompyuta ku Blantyre. Analemba kapulogalamu ka mizere yochepa, akuti sikiriputi, n'kukaika pa disiketi pamodzi ndi kiyi wanga wachinsinsi. Kamawerenga tsamba lonse n'kuikapo siginecha ya manambala. Wina akasintha ngakhale chilembo chimodzi pambuyo pake, siginechayo imakana. Malangizo anawalemba momveka: tsamba lithe, sikiriputi iyendetsedwe, litumizidwe, asaligwirenso.

Lolemba m'mawa ndinafika pa kaofesiko. Magetsi kunalibe. Ndinadikira, ndinakaswali kumzikiti masana, ndinabwerako. Atayaka, bamboyo anataipa ine ndikuwerenga mzere ndi mzere. Sikiriputi anaiyendetsa ndikuona. Kenako anati laini ya lamya yotumizira pa intaneti yatanganidwa, ndisiye disiketi, atumiza yekha. Risiti ndili nayo. Pepala lomwe anandisindikizira ndili nalo. Likuyamba kuti "Ine Selemani".

Lachinayi Zainabu anandiimbira pa lamya ya kusitolo.

"Ababa, mwapita liti ku Maka osatiuza?"

Ndinkayesa ndi nthabwala. Sankaseka. Anati tsamba likuti "Ine Alhaji Selemani", dzina la ulemu la munthu amene anapita ku Maka. Siginecha ikukana. A kampani ayankha kale kuti mawuwa agwiridwa ndi munthu wina ngati kalata ija, ndiye sangawakhulupirire.

Wa sitoloyo anamva zonse. Mawa lake, potuluka mumzikiti, mnzanga amene ndinakula naye anandigwira mkanjo. "Alhaji, madzi a Zamzam a ku Maka mwatisungirako?" Anthu anaseka. Inenso ndikanaseka manda akanakhala a wina.

Loweruka ndinabwerera ku boma. Bamboyo sanakane kuti ndiye anawonjezera liwulo nditachoka. Anamwetulira. Anati munthu wa imvi ndi kofiya sangaonekere kwa azungu ndi dzina lokhalokha ngati wopalasa bwato. Anati amatero ndi akuluakulu onse, ndipo ena amamuthokoza.

"Madala, ndakukwezani ulere. Mukudandaulanso?"

Kundikweza? Ku Maka sindinapiteko, ndipo aliyense ku Ngala akudziwa. Tsamba lonena kuti Selemani sanama, inu mwaliyamba ndi bodza. Ndani anakupemphani ulemu? Ndinabwera kudzagula dzina?

Ndinamuonetsa malangizo a Zainabu. Anati anawawerenga, koma liwu limodzi kompyuta singalizindikire. Nanga yalizindikira bwanji? Anati makina a azungu ndi ovuta. Ndinati alichotse, ayendetsenso sikiriputi ine ndili pomwepo. Anati disiketi ili m'kabati, makiyi a kabati ali ndi mkazi wake, mkazi wake ali ku Dwangwa. Abwera liti? Sakudziwa.

Kiyi wanga wachinsinsi ali m'kabati ya munthu amene amakongoletsa mawu a anzake. Woitola disiketiyo akhoza kulemba kuti ndagulitsa manda, siginecha n'kuvomera.

Bambo inu, ndikufuna disiketi yanga m'manja mwanga. Tsamba libwerere monga ndinalinenera. Ndipo a kampani muwalembere nokha kuti amene anasintha ndi inu. Lolemba mukamatsegula mudzandipeza pa benchi lanu ndi mapepala anga onse. Magetsi akazima ndidzadikira. Kabati ikakana ndidzabwera ndi kalipentala.

Inu ena, musachoke pa kaofesi kameneko mawu anu asanatumizidwe mukuona. Lero andipititsa ine ku Maka. Mawa adzakuvekani ufumu.

Agogo anga sadzagona pansi pa khonde la loji chifukwa cha ulemu umene sindinapemphe. Ku Maka ndidzapita Mulungu akalola, ndi miyendo yanga. Mpaka tsiku limenelo, lembani Selemani, ndipo manja muchotse pa kompyuta.